Dzina Langa Lili pa Ntchito

Amene anandilakwira ndi mkamwini wanga, mwamuna wa mwana wanga wamkazi. Anandilakwira Lachiwiri lina masana, mwezi wachitatu chifikireni m'dziko lino, tili m'galimoto yake ya katundu panja pa ofesi yoona za anthu olowa m'dziko. Mwana wanga anakhala pakati pathu. Zonse anazimva. Ankangoyang'ana zikhadabo zake.

Ndili ndi zaka 63. Kwathu ndinali mlonda wa nyumba yosungiramo katundu kwa zaka 28. Sukulu ndinalekezera kalasi yachinayi, koma pageti ndinaphunzira zambiri. Ndinaphunzira kuti munthu amene akubwera akumwetulira, manja ali poyera, ndiye woyenera kumusecha. Pa zaka zonsezo palibe mlendo amene anandipusitsapo.

Mwana wanga ndiye anatikonzera mapepala, ine ndi mayi ake, kuti tibwere kudzakhala kuno. Anga anatuluka. A mayi ake anaima, chifukwa madokotala atawajambula pachifuwa anapeza kamthunzi m'mapapo. Anati amwe mankhwala miyezi isanu ndi umodzi, kenako akajambulitsenso. Ine sindinkafuna kutsogola. Mkazi wanga ndiye anandikankha.

"Pitani mukakonze malo," anatero akundipindira malaya. "Koma musakazolowere kugona pakati pa bedi. Ndikubwera."

Tsiku la Lachiwirilo ndinapita kukalandira khadi londiloleza kukhala m'dziko lino moyo wanga wonse. Pawindo ankalola munthu mmodzi, choncho mkamwini ndi mwana wanga anatsala m'galimoto. Mayi wa pawindoyo ataona kuti sitikumvana, anaimbira foni womasulira n'kundipatsa kuti ndimve. Anali bambo wa mawu a kwathu.

"Bambo, akuti kuyambira lero mukhoza kugwira ntchito kulikonse kumene mungafune. Palibe wokumangirirani kwa bwana mmodzi. Akutinso mukhoza kupita kwanu, kapena dziko lina lililonse, n'kubwerera, bola musakakhalitse kupitirira miyezi imene yalembedwa m'kabuku kamene akupatsaniko. Mwamva?"

"Ndamva."

"Muli ndi funso?"

"Inuyo mumalipidwa ndi boma?"

Anaseka pang'ono. "Inde, bambo."

"Ndiye ndilibe funso."

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Ndi boma liti limene limatsegulira munthu chitseko n'kumuuza kuti tuluka, ukabwera tikulandira? Ndinatuluka muofesimo nditafumbata khadi ndi kabuku kaja, kolembedwa m'chilankhulo chimene sinditha kuwerenga, ndipo nditangokhala m'galimoto ndinafotokoza zonse zimene womasulira uja ananena. Ndinkafuna wachibale andiuze pamene pali mbedza.

Mkamwini anatenga khadilo, analitembenuza, n'kupukusa mutu.

"Ababa, amenewo amatero kwa aliyense. Ndi mmene amachepetsera anthu okalamba. Lamulo lenileni ndi lakuti zaka ziwiri zoyambirira simutuluka. Mukangodutsa pabwalo la ndege, khadili lafa. Ndipo si lanu lokha. Mapepala a amayi akolowekedwa pa anuwa. Anu akafa, awonso afa."

"Ndinadziwa," ndinatero. Ndikukumbukira kuti ndinakondwa. Ndinadziona wochenjera.

Ndinayang'ana mwana wanga, koma iye sanadzutse mutu. Mkamwini anatsegula kabokosi ka kutsogolo kwa galimoto, anaikamo khadi ndi kabuku kaja, n'kukiya. Anati zinthu zotere m'thumba la munthu wamkulu zimatayika. Pasipoti yanga mwana wanga anali ataitenga kale, akuti akaisunge pamodzi ndi makalata a nyumba.

Sabata yotsatira ndinayamba ntchito. Mkamwini ali ndi kontrakiti yochapa ndi kusita nsalu za pabedi ndi matawulo pa hotela ina yaikulu. Chipinda chochapiramo chili pansi penipeni pa hotelayo, chopanda windo. Muli makina ochapira asanu, oumitsira atatu, ndi chimakina chositira chokhala ndi chigudumu chotentha, chachitali ngati basi. Pachimakinacho pamaima anthu awiri. Aliyense amagwira nsonga yake ya nsalu yonyowa, mumaikoka kuti iwongoke, mumaiika pamlomo pa chigudumu, ndipo chimaimeza. Mukachedwa kuchotsa zala chimakunyambitani. Pofika masana malaya amakhala atamatirira kumsana, ndipo m'mphuno mumangomveka mankhwala oyeretsera.

Kugeti lakumbuyo kuli kamakina kamene umagunditsapo baji kuti chitseko chitseguke. Baji yanga inali ndi dzina langa ndi kachithunzi kochepa ngati chikhadabo. Ndinkalowa sikisi koloko m'mawa, n'kutuluka thu koloko masana. Mkamwini anandiuza kuti ndikatuluka ndizizungulira kuseri kwa mabini a zinyalala, ndizipereka bajiyo kwa munthu wina amene timamutcha Wamtali, kuti nayenso alowere. Loweruka ndi Lamlungu inkakhala ndi munthu wina wotchedwa Chipewa. Nditafunsa chifukwa chake, mkamwini anati mabaji ndi odula, hotela imaumira. Sindinadabwe, mabwana ndi oumira kulikonse. Chimene chinkandinyansa ndi alonda a pagetipo. Munthu wamtali ngati mlongoti akulowa ndi chithunzi cha nkhalamba yaifupi ya dazi, iwo maso ali pafoni. Kwathu mlonda wotere sakanatha sabata.

Wamtali ndi munthu wa nthabwala, wa zaka za m'ma fote, ana anayi anawasiya kwawo.

"Madala, dzina lathu mwalisunga bwanji lero? Simunatukwane nalo abwana?"

"Ulisamale iweyo. Dzulo linabwera likununkha fodya."

"Ameneyo ndi Chipewa. Ine ndimalilemekeza, ndi dzina la akuluakulu. Tsiku lina tidzagona manda amodzi atatufe, mwala umodzi, sitivutitsa wolemba."

Mnzanga wa pachigudumu anali mayi wina wa kwathu, wolembedwa ndi hotela yeniyeniyo osati mkamwini. Kwathu anali namwino, ndiye tonse timamutcha Sisitala. Iye analandira khadi lake patatha miyezi iwiri ine nditalandira langa, ndipo tsikulo anagawa maswiti. Ankakonda kufunsa za kunyumba, koma ine ndinkayankha mwachidule. Munthu wofunsafunsa amakhala ndi kumene akukatula.

Lamlungu lililonse masana ndinkalankhula ndi mkazi wanga pafoni ya mwana wanga, yoonana nkhope. Ankafunsa ngati ndikuvala juzi, ngati mapasa, adzukulu athu, ayamba kundizolowera.

"Mwanenepa," anatero tsiku lina. "Akukuphikirani ndani?"

"Mwana wanu yemweyu."

"Ameneyo sanaphunzire kuphika. Nenani zoona, mwapeza nkhalamba inzanu."

"Ndapeza. Ndi yachitsulo, yotentha, imameza nsalu."

Anaseka mpaka kutsokomola, ndipo kutsokomolako kunatenga nthawi. Tsiku lomwelo ndinawafotokozera za zaka ziwiri zija, mwatsatanetsatane, monga munthu wodziwa malamulo. Bodzalo linafika kwa mkazi wanga kudzera pakamwa panga.

Miyezi isanu ndi umodzi itakwana anawajambulanso. Kamthunzi kaja kanali katakula. Madokotala anati si matenda amene ankaganiza poyamba, ndi chotupa. Pafoni nkhope inayamba kuchepa, mpango wakumutu n'kumaoneka waukulu. Kenako mlamu wanga, mng'ono wawo amene ankawadwazika, anandiimbira yekha.

"Alamu, ine sindidziwa za malamulo a kumeneko. Koma ngati mukufuna kuwapeza akulankhula, bwerani mwezi uno."

Ndinamupeza mkamwini akutsuka galimoto panja. Ndinaima pambali, manja kumbuyo, ngati wopempha ntchito.

"Akamwini, masabata awiri okha. Palibe njira? Ngakhale kukawalembera kalata a boma kuti mkazi wanga wadwalika?"

Anatseka madzi. Nkhope yake inali yachisoni ndithu, sindinganame.

"Ababa, ndikanakhala ndi njira bwenzi nditakugulirani kale tikiti. Koma mukatuluka simulowanso. Ndiye amayi abwera bwanji? Zipatala zabwino zili kuno. Chofunika n'kulimbikira kuti mapepala awo atuluke, adzachirire kuno. Inu mukapita mwatseka chitseko chawo."

Lamlungu lotsatira ndinawauza mayi ake a mwana kuti zivute zitani ndikubwera, ngakhale khadi litafa. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Mawu anali atayamba kuchepa.

"Musabwere."

"Ndikubwera."

"Zaka zonsezi mumati ine ndine wosamva. Lero mverani inuyo. Mwana wavutika ndi mapepalawa zaka zitatu. Mukufuna mudzandiyang'ane masabata awiri, kenako tonse tikhale kuno, iye ali yekha kumeneko ndi mapasa? Khalani. Ndikangolimba pang'ono ndikwera ndege."

Ndinawamvera.

Anamwalira Lachinayi m'mawa, patatha masabata atatu. Mwana wanga anali atagula tikiti ya Loweruka. Iye wakhala kuno zaka zisanu ndi zinayi, ndiye zoti akhoza kuyenda sizinandidabwitse. Anakafika mayi ake ali m'bokosi.

Maliro anaika Lolemba. Mkamwini anati ndipume masiku atatu, baji atenge Chipewa. Ndinakhala patebulo la kukhitchini, foni nditaitsamiritsa ku botolo la shuga, mapasa akukokerana kagalimoto pansi pa tebulo. Mwana wanga ndiye anagwira foni kumandako. Ndinkaona nsapato za anthu, mitambo, chala chake chachikulu. Ndinamva mayi wina akunong'oneza mnzake pafupi ndi foniyo: "Mwamuna wake ali kuti?" Winayo anati, "Akuti mapepala. Mapepala ake ati? Wapeza wina kumeneko." Atayamba kutsitsa bokosi, chithunzi chinaima. Panatsala msana wa bambo wina wa jekete yabulauni, osasuntha. Pamene foni inadzagwiranso, anthu anali akukwirira. Tsiku limenelo dzina langa linagwira ntchito maola sikisitini.

Patapita miyezi inayi, Sisitala anasowa. Pachigudumu anandipatsa mayi wina amene sitinkamvana chilankhulo. Ndinaganiza kuti wadwala kapena amuchotsa ntchito, ndipo sindinafunse. Atatha masabata atatu ndinamupeza m'mawa ataima pamalo pake, akumanga epuloni, nkhope itada ndi dzuwa.

"Mwachira?"

"Ndani amadwala? Ndinali kumudzi, abambo. Mwana wanga wamwamuna amakwatira. Ndavina mpaka maondo awa atupa."

Ndinagwira nsonga ya nsalu, iye anagwira yake. Tinaikoka.

"Kumudzi kwake kuti?"

"Kwathu. Kwanu komwe."

"Musamandiseke, mayi. Khadi lanu silinathe ndi chaka chomwe."

"Ndiye?"

"Zaka ziwiri."

"Zaka ziwiri za chiyani?"

Nsaluyo inalowa yopindika ndipo inatuluka ndi mzere pakati. Nthawi yopuma inakwana. Titakhala pabenchi la m'kanjira ka kuchimbudzi, iye anatsegula chikwama chake n'kutulutsa pasipoti. Anandionetsa chidindo chotulukira ndi cholowera, anandiwerengera masiku ake. Kenako anatulutsa khadi. Linali ngati langa, mtundu wake womwewo.

"Pabwalo la ndege anangoliyang'ana, n'kunena kuti takulandirani. Basi."

"Zidindo anthu amasema," ndinatero. "Ndaonapo zambiri."

"Abambo, ndiseme chidindo kuti ndinamize inuyo? Mundipatsa chiyani?" Anandiyang'anitsitsa. "Anakuuzani ndani za zaka ziwirizo?"

Ndinayang'ana kumbali.

"Khadi lanu lili kuti?"

Ndinaweramitsa mutu. Iye anaika dzanja pakamwa.

"Mayo ine. Ndiye maliro aja... Ine ndimayesa munasowa ya tikiti, ndimaopa kufunsa. Ndipo za baji ija ndimayesa mukudziwa. Ndimayesa mumadya nawo."

"Baji yatani?"

"Hotela ino sipereka baji kwa munthu amene alibe chilolezo chogwira ntchito. Si nkhani ya kudula. Wamtali ndi Chipewa alibe mapepala. Amalowa ngati inuyo."

Thu koloko itakwana ndinazungulira kuseri kwa mabini. Wamtali anali atatsamira khoma, akumaliza ndudu.

"Madala! Dzina lathu lili bwanji?"

"Ndikanapita kumaliro kukanachitika chiyani?"

Kumwetulira kunathera panjira. Anaponda nduduyo, anayang'ana kugeti, n'kuyandikira.

"Wakuuzani ndani?"

"Ndakufunsa funso."

"Ganizani nokha, madala, inu munali mlonda. Pabwalo la ndege adinda kuti mwatuluka. Kuno baji yanu ikulira pageti m'mawa, ikulira masana, Loweruka, Lamlungu. Munthu mmodzi ali kumaliro kutsidya kwa nyanja, yemweyo akusita nsalu pansi pa hotela. Makompyuta a masiku ano amacheza. Abwana amaopa zimenezo."

"Unkadziwa kuti khadi limalola kuyenda?"

"Aliyense amadziwa. Ife opanda makhadi ndi amene timawadziwa bwino malamulo ake, timawalota. Zoti inu anakuuzani zina ndinazimva mochedwa, amayi atadwalika kale."

"Atadwalika. Asanamwalire."

Anayang'ana pansi. "Asanamwalire."

"Tsiku lililonse unkandiseka pano. Bwanji sunanditsine khutu?"

"Mukanapita, madala. Ndipo ine ndikanalowa ndi chiyani? Ana anayi aja sadya nthabwala." Anakanda m'mutu. "Ndinalakwa. Sindikukana. Koma nthawi yakwana, akandidula ola."

Anatambasula dzanja. Ndinaliyang'ana dzanjalo, lopsa m'nsonga za zala ngati langa. Ndinamupatsa baji.

Ndinasunga nkhaniyo m'mimba mpaka Lamlungu. Titatha kudya masana ndinauza mapasa kuti akaonere makatuni kuchipinda, ndinatseka chitseko, n'kukhalanso pansi.

"Akamwini, tandiwerengereni kabuku kaja."

"Kabuku kati, ababa?"

"Kamene munakiyira m'galimoto. Pamene palembedwa zaka ziwiri. Mundilozere ndi chala, manambala ndimawadziwa."

Mwana wanga anali akusonkhanitsa mbale. Anaziikanso patebulo pang'onopang'ono.

Mkamwini sanavutike n'kukana. Anapukuta m'manja ndi kansalu, anatsamira mpando.

"Ndi Sisitala eti? Mayi ameneyo pakamwa pake sipatsekeka."

"Musiyeni Sisitala. Ndikufunsa inu."

"Chabwino. Ababa, nyumba ino, chakudya ichi, sukulu ya mapasa, mapepala anu omwe, zonse zimachokera pansi pa hotela paja. Kontrakiti imafuna makina aziyenda maola sikisitini tsiku lililonse. Anthu a makhadi safuna ntchito imeneyo, amathawa sabata yomweyo. Khadi lanu litatuluka ndinapuma. Mukanachoka masabata awiri, makina akanaima, hotela ikanapatsa wina. Sindinkadziwa kuti amayi adwala chonchija. Tsiku lija m'galimoto anali akungomwa mankhwala a chifuwa."

"Nanga tsiku lija mukutsuka galimoto?"

Ndinatembenukira kwa mwana wanga.

"Iwe. Unakhala pakati pathu."

Misozi inali itayamba kale. "Tinkayesa achira, ababa. Adokotala anati mwina chaka. Ndinkati kontrakiti ikangokhazikika ndikuuzani, tipitire limodzi."

"Mayi ako anandiletsa kubwera kuti ndisakuonongere mapepala. Unali pomwepo, foni inali yako. Unamva."

"Ndinamva."

"Kumanda anthu ankati ndapeza mkazi wina. Unamvanso?"

Anaphimba nkhope ndi nsalu yopukutira mbale. Ndinkayembekezera kuti mtima wanga ufewa, poti ndi mwana mmodzi yekhayo amene tinabereka. Sunafewe.

"Ndipatseni khadi langa ndi pasipoti," ndinatero. "Ndikaone pamene anagona mkazi wanga."

"Kontrakiti ikutha mwezi wachisanu kuchokera pano," anatero mkamwini. "Ikangotha ndikupatsani zonse, ndi tikiti yomwe. Ndikulonjeza pamaso pa mwana wanu."

"Ndikapanda kudikira? Ndikakanena?"

Apa anandiyang'ana m'maso, koyamba tsiku limenelo. Sanakweze mawu.

"Kaneneni, ababa. Koma kuseri kwa mabini kuli kamera. Dzanja limene limapereka baji tsiku ndi tsiku, miyezi yonseyi, ndi la ndani? Akakufunsani mukati simunkadziwa, akakukhulupirirani? Inuyo mukanamukhulupirira munthu wotero pageti panu? Khadilo akhoza kukulandani zenizeni tsopano. Wamtali ndi Chipewa awakweza ndege. Ine andimanga. Mapasa muziwalera ndinu."

Kuchipinda kuja mapasa ankaseka makatuni. Ndinadzuka n'kupita kukagona, dzuwa likadali pamwamba.

Sisitala sanandisiye. Masiku onse pachigudumu ankangonena chimodzimodzi.

"Pitani ku ofesi mukanene kuti khadi latayika, akupatsani lina. Pasipoti nayo imapangidwanso. Kapena kanenani zoona zonse. Anthu ngati inu amawathandiza, si inu woyamba."

"Amawathandiza kukwera ndege."

"Abambo, mtima wanu wokayikawu ndi umene wakufikitsani apa."

"Wandisunga zaka 63."

"Wakusungani kuti? Pansi pa hotela?"

Lachitatu lina nditaweruka ndinakwera basi ndekha mpaka ku ofesi ija. Ndinatenga nambala, ndinakhala pampando wapulasitiki maola awiri. Pawindo panali bambo wa magalasi. Anaimba foni, ndipo womasulira wa tsikulo anali mayi. Ndinanena kuti khadi langa latayika.

"Akufunsa kuti khadi linatayika liti, ndipo linatayikira kuti."

"Sindikukumbuka bwino."

"Akuti palibe vuto, mungoyerekeza. Akufunsanso kumene mumagwira ntchito, ndi maola amene mumagwira pa sabata. Akuti ndikukumbutseni kuti kulemba zabodza pa fomu imeneyi ndi mlandu."

Bambo wa magalasiyo anali ataika zala pa kompyuta, akudikira. Sindinkaona zimene zinali pagalasi la kompyutayo. Mwina panalibe chilichonse. Mwina panali maola onse a anthu atatu, atandandalikidwa pansi pa dzina langa. Kenako iye anadzutsa mutu n'kundiyang'ana bwinobwino, nkhope, kenako zala zanga. Analankhula motsitsa mawu.

"Bambo," anatero womasulira, nayenso motsitsa, "akufunsa ngati pali munthu amene akukusungirani khadilo inu musakufuna. Bwana, kapena wachibale. Akuti ngati alipo musaope kunena. Pali anthu amene ntchito yawo ndi kuthandiza pa zoterezi."

Musaope. Mawu amenewo ndinkawanena inenso pageti, ndikagwira munthu ndi katundu m'jekete, ndikudikira apolisi. Mwina bamboyo ankanena zoona. Womasulira woyamba uja ankanenanso zoona. Ndinatsegula pakamwa, ndipo ndinaona mapasa atakhala pa masitepe a nyumba, zikwama za kusukulu zili kumsana, palibe wowatsegulira.

"Muwauze kuti ndakumbuka," ndinatero. "Mwina lili m'thumba la jekete ina. Ndikayang'anenso."

Bamboyo anandipatsa kapepala kokhala ndi nambala ya foni. Ndinakapinda, ndinathokoza, ndinatuluka. Pokwerera basi ndinakataya m'bini, kuopa kuti mwana wanga angakapeze pochapa malaya.

Miyezi isanu ija inatha. Hotela inakondwa ndi ntchito yathu ndipo inawonjezera kontrakiti zaka zina ziwiri. Mkamwini anabwera ndi keke. Nditamukumbutsa lonjezo lake, anati akufunafuna munthu wina wa khadi woti alowe m'malo mwanga, ndingopirira pang'ono, anthu ake ndi osowa. M'nyumba muno timalankhulana za mchere, za nyengo, za nsapato za mapasa. Mwana wanga amandiikira chakudya chambiri kuposa kale.

Mwezi watha chinakwana chaka chimwalirireni mkazi wanga, ndipo abale kumudzi anati nthawi yakwana yoika mwala pamanda. Mwana wanga anabwera kuchipinda kwanga ndi pepala ndi cholembera, anaima pakhomo.

"Ababa, pamwalapo tilembepo mawu ati? Anenani inuyo."

"Lembani dzina lake ndi masiku."

"Basi?"

"Basi."

Ananyamuka Lachisanu, iye ndi mwamuna wake, masabata awiri. Galimoto ya katundu akuyendetsa msuweni wa mkamwini, ndipo kiyi wa kabokosi kaja mkamwini sanamusiyire. M'mawa mapasa amawaperekeza kusukulu ndi mayi woyandikana nafe nyumba, ine ndimakawatenga ndikapereka baji kwa Wamtali. Mwalawo aika mawa. Mwana wanga wati adzaimba foni kuti ndionere.

Manda a mkazi wanga sindinawaonebe. Khadi langa ndi pasipoti yanga sanandibwezere.